Nkhuni, makala, gasi kapena magetsi: moto uti ungapsetse mphika ku Tete popanda kuwotcha thumba?

Damu la Cahora Bassa ku Songo limatha kutulutsa mamegawati 2,075 a magetsi, ndipo pansi pa nthaka ya Moatize pali malasha amene sitima zimatuta usana ndi usiku kupita ku madoko a Nacala ndi Beira. Koma m'makomo ambiri a chigawo chino cha Tete ku Mozambique, chomwe kalembera wa 2017 anapeza kuti chili ndi anthu oposa 2.6 miliyoni, nsima imapsa ndi nkhuni kapena makala. Ku Matundo ndi ku Chingodzi mumzinda wa Tete, ku Ulongwe, ku Domwe, ku Furancungo, ku Zobue, nkhani ndi imodzi: ndalama ya moto ikudya ndalama ya ndiwo. Mayi amatha kukhala ndi ufa, nyemba zilipo, mchere ulipo, koma n'kusankha kuphika masamba chifukwa nyemba zimamaliza makala.

Ndikufuna tiyeze njira zimene banja lingasankhe, kenako tiyezenso zimene boma lakhala likuchita. Maganizo anga ndinena poyambirira pomwe: vuto lalikulu lili pa mphika. Babu ndi foni zimadya mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi kuphika, pamene thandizo la boma lambiri lapita ku mawaya ndi ku mafuta a galimoto. Kukhitchini lafika lochepa.

Nkhuni ndi mafuwa atatu

Kumidzi ya Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde anthu ambiri amati nkhuni n'zaulere. Ndalama sizituluka m'thumba, n'zoona, koma funsani mtsikana amene wadzuka mbandakucha kukatola nkhuni kuphiri n'kukafika kusukulu mochedwa, kapena gogo amene msana ukumupweteka ndi mtolo. Ku Angónia, komwe anthu ndi ochuluka ndipo minda yafika mpaka m'mbali mwa mapiri, mtunda wokatola nkhuni wakhala ukutalika, ndipo m'madera ena mtolo wayamba kugulidwa ngati tomato. Mabanja amathera pa zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya fodya yotsala m'munda.

Mafuwa atatu amataya moto. Pa magawo 10 a kutentha kumene nkhuni zimatulutsa, gawo limodzi kapena awiri okha ndi amene amalowa mumphika. Ena onse amathawira m'mbali ndi mphepo. Utsi nawo sumangoliza maso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'nyumba, monga chibayo cha ana, matenda a mtima ndi a m'mapapo. Amene amapuma utsiwo kwambiri ndi mayi wophika ndi mwana amene wamubereka kumsana.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse yochepetsera vutoli ndi mbaula ya dothi yosunga moto. Abale athu a kutsidya kwa malire, ku Dedza ndi ku Ntcheu, amaitcha chitetezo mbaula. Kuno mabungwe ena amaphunzitsa mtundu womangidwa pansi umene amautcha poupa lenha. Zonse zimagwira ntchito mofanana: dothi limazinga moto, mphepo imalowa pakhomo limodzi, lawi limalunjika kunsi kwa mphika. Mtolo umodzi umatha masiku ambiri kuposa pa mafuwa, ndipo timitengo ting'onoting'ono, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo zimayaka bwino. Nandolo ndimamukonda pa chifukwa chimenechi: mumadya ndiwo, nthaka imabwerera chonde, mitengo yake yowuma mumaphikira. Banja limene labzala nandolo m'munda ndi mitengo yophukira msanga m'malire mwa munda, monga gliricidia kapena keshya, limadula nthambi pakhomo pomwe m'malo mokwera phiri.

Mbaulayi ili ndi zofooka zake. Imasweka ikagwa kapena ikanyowa ndi mvula, mphika waukulu wa thobwa kapena wa pamaliro sukhalapo, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuzizira kukafika ku Tsangano ndi ku Ulongwe, banja limafuna moto woonekera woti liziwotha. Palibe cholakwika kusunga mafuwa kaamba ka masiku otero. Chofunika n'chakuti kuphika kwa tsiku ndi tsiku kusamuke.

Makala

M'tauni mfumu ndi makala. Amapezeka pangodya iliyonse, sachita utsi wambiri ngati nkhuni, mungathe kuphikira pakhonde la nyumba ya lendi, ndipo chachikulu, amagulidwa malinga ndi zimene muli nazo lero. Muli ndi ndalama yochepa, mugula kajumbo kapena kamulu. Mwapeza bwino, mugula chitini. Mwalandira malipiro, mugula thumba. Apa ndiye pagona nkhanza ya umphawi wa moto. Amene amagula kajumbo tsiku lililonse, pakutha pa mwezi amakhala atalipira zambiri kuposa amene anagula thumba lathunthu kamodzi, pakuti thumbalo likamagawidwa m'timajumbo aliyense amene laduka m'manja mwake amaikapo phindu lake. Wosauka amagula moto modula kuposa wopeza bwino, pamsika umodzimodzi.

Ngati simunayesepo, yesani mwezi umodzi: lembani pakhoma kapena mukope ndalama iliyonse imene yapita ku makala. Mabanja ambiri sadziwa chiwerengerochi chifukwa chimatuluka pang'onopang'ono. Popanda chiwerengerochi simungadziwe ngati gasi kapena magetsi angakupulumutseni kapena ayi, ndipo zonse zimene ndilembe m'munsimu muziziyeza ndi chiwerengero chanucho.

Mtengo wa makala umakwera nthawi ya dzinja, pamene misewu ya kumidzi yadzaza matope ndipo owotcha ali kalikiliki kumunda. Umakweranso dizilo akakwera, pakuti matumba amabwera pa malole. Ndipo umakwera chaka ndi chaka chifukwa mitengo ikutha kufupi. Makala abwino kwambiri m'chigwa cha Zambezi ndi a tsanya, mtengo wolimba umene umamera kumadera otentha monga Changara, Marara ndi Cahora Bassa. Amalemera, amayaka nthawi yaitali, sathetheka. Koma tsanya amakula pang'onopang'ono, ndipo uvuni wa dothi umene owotcha ambiri amagwiritsa ntchito umawononga: kuti mutuluke kilogalamu imodzi ya makala pamalowa nkhuni zolemera makilogalamu asanu ndi awiri, nthawi zina mpaka 10. Thumba lililonse limene lafika pamsika wa Kwachena lasiya zitsa kwinakwake.

Sindimuda wowotcha makala. Ku Changara mvula ikakana, chimanga chikapserera monga zinachitikira ndi chilala cha 2024, mtengo umakhala chinthu chokhacho chimene bambo angasandutse ufa. Malamulo a nkhalango amafuna kuti wogulitsa makala akhale ndi chilolezo, ndipo amati magawo 20 pa 100 a ndalama za zilolezo abwerere kwa anthu a kumudzi kumene mitengo yadulidwa. Lamulo ndi labwino. Koma kulanda thumba la munthu wa panjinga pamsewu, pamene tauni yonse ikudikira makalawo kuti iphike, sikuchepetsa njala ya makala. Kumangokweza mtengo, ndipo mtengowo amaulipira ndi mayi wa kajumbo uja.

Amene simungachoke pa makala pakadali pano, pali zinthu zitatu zimene zimathandizadi. Mbaula yachitsulo yokhala ndi dothi lowotcha mkati imasunga kutentha kuposa ya malata okhaokha, ndipo kakhomo kake kamakulolani kuchepetsa mphepo ndiwo zikawira. Kuviika nyemba m'madzi usiku wonse kumadula nthawi yophika kwambiri. Ndipo mukamaliza kuphika, makala otsala aikeni m'chitini chotseka kuti azime, muwagwiritsenso ntchito mawa. Chenjezo limodzi ndilinena mwamphamvu kwa a kumapiri ozizira: musalowetse mbaula yoyaka m'chipinda chotseka kuti mugone mofunda. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo, munthu amangomva tulo, ndipo m'mawa banja lonse limapezeka litauma.

Ena amafunsa za malasha a ku Moatize, poti ali pakhomo. Amenewo ndi a m'ng'anjo zosungunulira zitsulo ndi zopangira magetsi kunja. Utsi wake uli ndi sulufule, ndipo si wophikira m'khitchini.

Gasi

Gasi ndi wokoma kuphikira, palibe wotsutsa. Mwayatsa, moto wafika. Mwazimitsa, watha, palibe chotayika. Mapoto sada, maso salira, tiyi wa ana amapsa asanamalize kuvala yunifolomu. Kupitirira theka la kutentha kwake kumalowa mumphika. Banja limene likugula makala a timajumbo tsiku ndi tsiku mumzinda wa Tete kapena ku Moatize likawerengera bwino, nthawi zambiri limapeza kuti kudzaza botija, silinda ya gasi, sikusiyana kwambiri ndi zimene likutaya kale pa makala.

Chimene chimatchinga ndi khomo lolowera. Muyenera kugula botija yoyamba, chitofu, paipi ndi chowongolera mpweya, zonse nthawi imodzi. Gasi akatha muyenera kukhala ndi ndalama ya botija yathunthu, mwachitsanzo ya makilogalamu 11, tsiku lomwelo; wogulitsa sangakupatseni gasi wa chakudya chamadzulo chokha. Ndipo amatha osatsanzika, nsima ili pamoto. Kwa munthu wolandira malipiro pamwezi izi n'zotheka. Kwa wa ganyu, wogulitsa mandasi kapena woyendetsa txopela (njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu), amene ndalama yake imabwera m'manja madzulo n'kutuluka m'mawa, n'zovuta ngakhale mtengo wa pamwezi utafanana.

Palinso mtunda. Mitengo ya mafuta ndi gasi imene bungwe la ARENE limalengeza imayambira kumizinda ya madoko monga Maputo, Beira ndi Nacala. Kwina konse amawonjezera ndalama ya mayendedwe, ndipo Tete ali pafupifupi makilomita 600 kuchokera ku Beira. Mukachoka mumzinda kupita ku Fingoé kapena ku Zumbo, malo osinthira botija amasowa. Ngati kuti mudzaze gasi muyenera kukwera chapa (minibasi) ulendo wa tsiku lonse, gasi si wanu.

Zimawawa kuganiza kuti dziko lino lili ndi gasi wambiri. Wa ku Pande ndi Temane m'chigawo cha Inhambane wakhala akupita ku South Africa pa paipi kuyambira 2004, ndipo wa kunyanja ya Cabo Delgado anayamba kutumizidwa kunja pa sitima mu Novembala 2022. Kwa zaka zonsezi gasi wa m'botija wambiri wakhala akugulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Fakitale ya Sasol ku Inhambane inakonzedwa kuti izitulutsa matani 30,000 a gasi wophikira pa chaka, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino. Funso la ife a kuno ndi lakuti kodi gasiyo adzakwera mpaka ku Ulongwe pa mtengo wotani, komanso m'mabotija aakulu bwanji. Botija yaing'ono, yodzaza ndi ndalama yochepa, ndi imene ingalowe m'nyumba zambiri.

Mantha a kuphulika ndi omveka, koma ngozi zambiri zimachokera pa paipi yong'aluka kapena chowongolera chotha. Pakani thovu la sopo polumikizira. Mukaona tithovu tikutukuka, mpweya ukutuluka. Botija iime chilili, pamalo popita mphepo, kutali ndi mbaula ya makala. Mukamva fungo, tsekani, tsegulani zitseko, musayatse machesi kapena kukhudza swichi.

Magetsi: chitofu n'chimodzi, poto n'china

Apa ndikufuna ndichedwepo, chifukwa anthu ambiri amene ali ndi Credelec, mita ya magetsi yolipiriratu, anaweruza kale kuti kuphikira magetsi n'kodula, ndipo anaweruza atayesa chitofu cha mbale yachitsulo chija. Pa chimenecho akunena zoona. Mbale imodzi imakoka mawati 1,000 kapena 1,500, kutanthauza kuti ola limodzi limadya yunitsi imodzi kapena imodzi ndi theka. Ikani nyemba maola atatu, muona mita ikutsika maso anu akuona. Mbaleyo imachedwa kutentha, imachedwa kuzizira, ndipo kutentha kwambiri kumathawira m'mbali mwa poto.

Poto ya magetsi yotseka mpweya ndi nkhani ina. Nayo imakoka pafupifupi mawati 1,000, koma sikoka nthawi yonse. Madzi akawira, nthunzi ikadzaza mkati, imadzizimitsa yokha n'kumangoyaka pang'ono mwa apo ndi apo, chifukwa makoma ake amasunga kutentha ndipo nthunzi yotsekeredwa imapsetsa chakudya msanga. Nyemba zimene zimatha maola atatu pa mbaula zimapsa pa ola limodzi kapena kuchepera, ndipo yunitsi imodzi siitha. Chimodzimodzi nyama ya mbuzi yolimba, ziboda, chingowe, nzama, khobwe: zakudya zonse zimene zimamaliza makala ndi zimene potoyi imapambana nazo. Mpunga ndi kachewere ndiye sizichedwa n'komwe. Simufunika kukhala pafupi mukukupiza moto, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha mumzinda wa Tete kumapitirira madigiri 40, kusakhala pambali pa mbaula ndi mpumulo waukulu.

Werengani nokha. Tengani uthenga kapena lisiti la Credelec, gawani ndalama imene munalipira ndi mayunitsi amene munalandira, mupeza mtengo wa yunitsi imodzi. Musatenge lisiti loyamba la mwezi, chifukwa pamenepo amadulapo msonkho wa zinyalala ndi wa wailesi, ndiye mayunitsi amaoneka ochepa. Mtengo wa yunitsi imodziyo uyerekezeni ndi mtengo wa makala amene mumathera pa mphika umodzi wa nyemba. M'nyumba zambiri za m'tauni kusiyanako kumadabwitsa.

Koma musataye mbaula. Nsima ya banja lalikulu imafuna moto wamphamvu ndi mphika wokhazikika woti muvundule ndi mthiko, ndipo potoyi siyikwanira bwino pa ntchito imeneyo. Nsomba ya chicoa yowotcha imafuna makala. Magetsi amazima, makamaka nthawi ya mvula ndi mphepo, ndiponso madzulo mphamvu imatsika m'madera amene thiransifoma imodzi yalemedwa ndi nyumba zambiri. Potoyo ndi yodula kugula, zabodza zilipo pamsika, ndipo lamba wa labala wa pachivundikiro akatha muyenera kupeza wina. Funsani za lambayo musanapereke ndalama. Onetsetsaninso mawaya a m'nyumba mwanu: nyumba zambiri zinakokedwa ndi mawaya opyapyala oyenera babu ndi wailesi basi, ndipo kulumikiza chophikira pa waya wotero, kapena pa waya wokoka kuchokera kwa aneba, ndi kuitana moto padenga.

Sola

Za sola sindichedwapo, chifukwa yankho lake ndi losavuta. Kaamba ka kuwala, kutchaja foni, wailesi ndi kanema waung'ono, kumudzi kumene mawaya sanafike, sola imaposa parafini, makandulo ndi mabatire a tochi. Dzuwa ku Tete silisowa. Makampani ena amalola kulipira pang'onopang'ono kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, ngakhale kuti pomaliza mumalipira zambiri kuposa wogula kamodzi, ndipo mukaphonya masiku makinawo amadzitseka. Funsani ndalama yonse pamodzi, funsani zaka za chitsimikizo, funsani kumene mungakakonzetse. Chimene chimafa msanga ndi batire. Koma sola ya pakhomo yotere siphika. Amene akukuuzani kuti kapanelo kamodzi kathetsa nkhuni akukunamizani.

Nanga boma lathandiza pati?

Boma limadziwa kuti mtengo wa moto ndi mafuta umatha kuutsa dziko. Mu Febuluwale 2008 anthu anatseka misewu ku Maputo chifukwa cha mtengo wa chapa, ndipo mu Seputembala 2010 anatulukanso buledi, madzi ndi magetsi zitakwera. Anthu anafa, boma linabweza zina mwa zimene linakweza. Kwa zaka zingapo linkaika ndalama kuti mafuta asakwere, mpaka linasiya mu 2017 chuma chitavuta. Njira imeneyi imamveka yokoma, koma ndimaiona kuti ndi yofooka kuposa zonse. Amene amamwa petulo wambiri ndi amene ali ndi galimoto. Mlimi wa ku Chifunde amapindula pang'ono chabe kudzera pa mtengo wa chapa, pamene ndalama ya boma yochuluka yathera m'matanki a anthu opeza kale.

Njira yachiwiri ndi kukoka mawaya. Pulogalamu ya Energia para Todos, imene Pulezidenti wa nthawiyo Filipe Nyusi anakhazikitsa mu 2018, cholinga chake ndi chakuti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi, kudzera ku kampani ya boma ya magetsi ya EDM kumene mawaya angafike ndi ku bungwe la boma la FUNAE kumene kukufunika sola. Panthawiyo anthu atatu okha pa 10 alionse ndi amene anali nawo. Mu 2020 boma linachotsa ndalama imene banja linkalipira kuti lilumikizidwe, ndipo chimenecho chinali chanzeru, chifukwa chinagwetsa khomo lolowera lija. Nyumba zambiri zawala. Ndiyamikira ndi mtima wonse. Koma lowani m'nyumba zimenezo madzulo: babu ikuyaka pabalaza, kukhitchini mayi akukupiza mbaula. Palinso mtengo wotsika umene EDM imautcha tarifa social, wa mabanja ogwiritsa ntchito magetsi ochepa. Umathandiza pa kuwala, koma unapangidwira mphamvu yochepa ndi mayunitsi ochepa pa mwezi, choncho banja likangoyamba kuphikira limatulukamo.

Njira yachitatu ndi ndalama ya m'manja, imene bungwe la INAS limapereka kwa okalamba, olumala ndi odwala matenda okhalitsa. Ubwino wake ndi wakuti imalunjika kwa wosauka weniweni ndipo mwini wake amasankha chogula. Koma ndi yochepa poyerekeza ndi mitengo ya lero, siyifikira ambiri, ndipo ikachedwa miyezi gogo sangaidalire pogula moto wa tsiku ndi tsiku. Mu 2022, mafuta atakwera padziko lonse, boma linalengeza zotsitsa msonkho wa pa zogula wa IVA kuchoka pa 17 kufika pa 16 pa 100 alionse, ndipo zinayamba kugwira ntchito mu Januwale 2023. Pa mtengo wa botija kapena poto, kutsika kotero sikumveka m'thumba.

Njira imene ndikuona kuti ingasinthe zinthu ndi imene sinayesedwe mokwanira: kuchita kukhitchini zimene zinachitika pa kulumikiza magetsi mu 2020, ndiko kuti kuthandiza pa ndalama yoyamba. Botija yoyamba ndi chitofu pa mtengo wotsika. Poto ya magetsi yopanda msonkho wapamalire, kapena yolipira pang'onopang'ono nthawi iliyonse munthu akamagula Credelec, popeza njira yodulira ndalama pamenepo ilipo kale. Ngati ikutha kudula ya zinyalala ndi ya wailesi, ingathenso kudula ya poto. Mayunitsi ena otsika mtengo a banja limene likuphikira magetsi. Kumudzi, kuphunzitsa magulu a amayi owumba mbiya kuti aziwumba mbaula n'kumagulitsa, komanso kuthandiza owotcha makala kukhala ndi zilolezo, mauvuni osataya nkhuni ndi nkhalango zawozawo zodula mosinthana. Thandizo lotere limaperekedwa kamodzi, pamene la petulo limafuna ndalama mwezi ndi mwezi.

Ndipo ife a ku Tete tili ndi chifukwa chofunsira mokweza. Damu la Cahora Bassa linamalizidwa mu 1974, ndipo mu 2007 Mozambique inatenga magawo 85 pa 100 a kampani yoyendetsa damuli ya HCB kuchokera kwa Portugal. Magetsi ake ambiri amayenda pa mawaya a makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa, ndipo kuchokera ku Matambo inayambika ntchito yokoka mawaya ena opita ku Phombeya ku Malawi. Kugulitsa kunja si tchimo; kumabweretsa ndalama zakunja zimene dziko likufuna. Tsopano pakukambidwa damu lina, la Mphanda Nkuwa, la mamegawati 1,500, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, ndipo mu Disembala 2023 boma linasainirana mgwirizano ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo. Anthu amene anasamutsidwa kupita ku Cateme kuti migodi ya Moatize itsegulidwe akudziwa mtengo wa ntchito zazikuluzi. N'koyenera kufunsa, damu lisanamangidwe, kuti ndi mamegawati angati amene adzatsale kuti aphike nsima m'chigawo chimene mtsinje wa Zambezi ukudutsa. Tisaiwalenso kuti madzi sakhala okhazikika: chilala cha 2024 chinatsitsa kwambiri nyanja ya Cahora Bassa, choncho banja lanzeru silidalira moto umodzi.

Ndiye musankhe chiyani?

Mukakhala kumudzi kopanda mawaya, yambani ndi mbaula ya dothi, nandolo ndi mitengo ya m'malire mwa munda, kenako kasola ka kuwala mukagulitsa fodya, soya kapena kachewere. Gasi musavutike naye pokhapokha malo osinthira botija ali pafupi.

Mukakhala m'tauni ndipo muli ndi Credelec ndi mawaya abwino, ndalama yoyamba imene mungasunge ipite ku poto ya magetsi yotseka mpweya, osati ku chitofu cha mbale. Zochedwa kupsa zonse zilowe m'menemo, nsima ikhale pa mbaula ya makala yokhala ndi dothi mkati, ndipo muona thumba la makala likufika patali. Gasi abwere pambuyo pake, kaamba ka tiyi, phala, zokazinga ndi masiku amene magetsi azima. Amene mumalandira pamwezi ndipo magetsi kwanuko savomera, sinthani ndondomekoyi: gasi poyamba, poto pambuyo.

Amene muli pa lendi, opanda mita yanu, ndalama ikubwera tsiku ndi tsiku, inu ndi amene msika ukukufinyani kwambiri, ndipo chida chanu chapafupi ndi anzanu. Mabanja atatu kapena anayi akasonkherana n'kugula thumba limodzi la makala nthawi ya chilimwe, asanakwere, aliyense amapeza ochuluka kuposa a timajumbo. Chipereganyu, chimene kuno ambiri timati xitique, chimene chimagulira anthu zitenje ndi mapoto, chingathenso kugulira mmodzimmodzi botija kapena poto ya magetsi, mwezi uno uyu, mwezi wamawa uyo.

Palinso ndalama ina imene si ambiri amaifunsa. Lamulo limati magawo 2.75 pa 100 a msonkho wochokera ku migodi abwerere kwa anthu a kumene mgodi uli, ndipo kuyambira pa ndondomeko za 2022 gawo lonse lotsalira m'chigawo linakwezedwa kufika pa 10 pa 100. Zimene ndalamayi igule zimakambidwa m'misonkhano ya kumadera ndi kuboma laling'ono, kumene amfumu, alembi a bairro (madera a m'tauni) ndi nthumwi za anthu amakhala. Kawirikawiri pamndandanda pamalembedwa mjigo, chipinda cha sukulu ndi msika, ndipo zonsezo n'zofunika. Amayi amene mumapita kumisonkhano imeneyi, ku Moatize, ku Marara ndi kwina, pemphani kuti mbaula, mabotija ndi nkhalango ya mudzi zilembedwe nawo.